Rapson Anamupatsa Tcheni

Mlongo wanga Rapson amayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba yosungiramo katundu ku Coventry, ndipo theka la moyo wake walithera pogundana ndi anthu Lamlungu masana. Masewera ake ndi mpira wa ku America, uja wovala zisoti ndi zotupitsa mapewa. Pa Amalawi onse a ku Birmingham kuno, sindikudziwa wina amene amausewera. Kutchalitchi amamuseka poyera, ine mchemwali wake ndakhala ndikumusekera kunyumba, koma chaka chino kuseka kwandithera.

Tinabwera kuno tili achinyamata, kutsatira amayi amene anapeza ntchito ya unamwino. Ine ndinazolowera msanga, pakamwa ndinabadwa napo. Rapson anali wofatsa mopitirira, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Tsiku lina mnzake wakukoleji anapita naye ku katimu kena kosalipira, komwe osewera amadzigulira okha zovala, ndipo anabwerako atanyamula chisoti. Amayi atafunsa kuti kumeneko amachitako chiyani, anayankha kuti ndi safety. Amayi anasangalala, nauza azimayi akutchalitchi kuti mwana wawo ndi woyang'anira chitetezo, ngati aja ovala zachikasu pa geti. Zoona anazidziwa tsiku limene anamupeza kuchipatala kwawo komwe, phewa litaguluka.

Ntchito ya safety ndinaimvetsa mokakamizidwa, chifukwa ndi nkhani yokhayo imene Rapson amaitha kukamba. Timu ikamateteza, zimphona zimaima kutsogolo, ena pakati, ndipo kumbuyo kwenikweni kumakhala anthu awiri. Mmodzi amaima patali kudikira mpira woponyedwa m'mwamba, ameneyo amafunika liwiro. Winayo amayandikira kutsogolo kuti agwetse wothamanga ndi mpira, ameneyo ndiye anali Rapson. Awiriwa akadutsidwa palibenso wina, n'chifukwa chake amakhalira kuitanizana ndi kulozerana. Munthu wosalankhula kunyumba uja, m'bwalo ankamveka mpaka koimika magalimoto.

Mwana wake Ethan anabadwa Rapson akadali mnyamata. Banja ndi mayi wa mwanayo, Michelle, silinapite patali, ndipo Ethan anakulira kwa mayi ake ku Coventry. Rapson anasiya ntchito yapafupi ku Smethwick n'kukalowa ya kutaliyo kuti azimuona pakati pa sabata. Chichewa cha Ethan ndi zikomo ndi ndakhuta basi. Bambo ndi mwana m'galimoto ankangokhala chete ngati anthu okumana pa basi, mpaka Rapson anayamba kumutengera kupaki kukamuphunzitsa kuthamanga chobwerera m'mbuyo ndi kuwerenga maso a woponya mpira. Pamenepo ndiye ankacheza. Mwanayo anakula wamtali, wamiyendo ya nswala, woyenera malo akumbuyo aja.

Chimene Rapson ankafuna sichinali chachinsinsi. Mu timu ya akuluakulu salowa munthu asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye iye ankadikira kuti Ethan akwane, aime limodzi kumbuyoko, mwana patali, bambo pafupi, ngakhale masewera amodzi okha. Dokotala anamuuza kalekale kuti bondo latha. Anzake amene anayamba nawo onse anasiya, ena ali ndi mimba za mowa. Iye ankamanga bondo ndi mabandeji, kumwa mapiritsi, n'kupita.

"Rapson, ukufuna ufere m'matope a azungu?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Achemwali, season imodzi yokha. Ethan akango-joina ndipuma."

Ethan anakwana chaka chino, nalowa timu. Kochi wawo, Ibrahim, ndi munthu waulemu, wa mtundu uja wokugwira paphewa pokuuza zoipa. Anamutengera Rapson pambali n'kumufotokozera kuti masiku ano matimu ambiri amaponya mpira, ndiye akufuna ma safety awiri aliwiro onse. Ofuna malowo analipo ambiri, anyamata a ku yunivesite. Pakati panali podzaza kale, kutsogolo Rapson ndi wochepa thupi. Koma panali ntchito imodzi yosowa munthu. Timu yolandira alendo imayenera kupereka anthu ogwira tcheni, ndodo ziwiri zolumikizidwa ndi unyolo zoyezera mtunda umene mpira wayenda. Munthu amene anaichirikiza timuyo pamene inkasowa ndi osewera okwanira, amene ankanyamula anyamata asanu m'galimoto yake kupita ku Leicester ndi ku Nottingham, anamupatsa tcheni. Ndipo iye anathokoza, zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Zotsalazo tinazimva patebulo panga ku Kings Heath, Loweruka lina nditawaitana onse awiri. Ndinamufunsa Ethan ngati sakanamulankhulira bambo ake kwa kochi. Mwanayo sanazengereze, ana a kuno bodza laulemu salidziwa. Anati kochi anamufunsa amene akufuna kuima naye, iye anatchula mnzake Nathan.

"Dad's slow, Auntie. He knows," anatero, uku akuwonjezera nkhuku m'mbale.

Ndinamuuza kuti kwathu timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anandiyang'ana kudikira kuti ndimasulire, koma ndinalibe mphamvu yomasulira. Ndinatembenukira kwa Rapson kuti mwina akalipe.

"Musiyeni mwana, achemwali," anatero. "Wanena zoona. Safety amene mnzake sakumu-trusta, bola asalowe. Ndinamuphunzitsa ndine zimenezo."

Ndinalowa kukhitchini kukatsuka mbale zoyera kale. Ndinakwiyira mwanayo, ndinakwiyira kochi, koma kwambiri ndinakwiyira mlongo wanga chifukwa chomveka ngati wonyadira.

Masewera oyamba apakhomo anali pabwalo lina kuseri kwa mafakitale, kukuwaza mvula ya kuno yosatha ija. Oonerera tinali ochepa, ambiri zibwenzi za osewera ndi agalu awo. Rapson anavala chijasi cha lalanje pamwamba pa jekete, ndi chipewa chaubweya chofika m'maso. Woyimbira masewera anawaitana ogwira tcheniwo n'kuwauza malamulo awo ine ndikumva. Wogwira tcheni sachemerera timu iliyonse, salangiza wosewera, salankhula. Ndipo osewera akamathamangira kumene waima, agwetse ndodo pansi athawe. Rapson anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu.

Ethan anasewera bwino, sindingamunamizire. Ankauluka. Koma ine maso anali pa bambo ake. Nthawi iliyonse adani akaima pamzere, milomo ya Rapson inkagwedera popanda mawu, chala chikufuna kuloza, kenako n'kubwerera pandodo. Kawiri konse anaona chimene chikubwera, ndinadziwa chifukwa mapewa ake anakwera, ndipo kawiri konse Nathan anapusitsidwa. Rapson anangoyenda ndi tcheni chake kutsatira mpira, akutsimphina pang'ono.

Chakumapeto mnyamata wa timu ya alendo analandira mpira n'kudutsa Nathan ngati akudutsa mtengo. Anakhotera kumbali, molunjika kumene Rapson anaima. Zaka zonsezi, munthu akamabwera choncho ndi mpira, mlongo wanga ankatsitsa phewa n'kumuchingamira. Ndinaona phazi lake likuponda kutsogolo. Kenako anakumbukira, anagwetsa ndodo, nathawira m'mbuyo, bondo lija likumukana, mpaka anaterera n'kukhala pansi m'matope.

Ethan anatulukira kuchokera pakati pa bwalo, namugunda mnyamata uja m'chiuno monga momwe anaphunzirira kupaki. Onse awiri anagubuduka kudutsa mzere, nakaima pamiyendo ya Rapson. Inali nthawi yoyamba bambo ndi mwana kukhala malo amodzi masewera ali m'kati. Rapson anadzuka msanga, natambasula dzanja kuti amudzutse mwanayo, nkhope yonse ili mano.

Ethan anadzuka yekha, maso ali kwa anzake amene ankathamangira kudzamumenya pachisoti. Anangoona kuti wagunda munthu wa chijasi cha lalanje. Anamusisita pamkono osamuyang'ana kumaso.

"Sorry, mate," anatero, n'kuthamangira m'bwalo.

Rapson anakhala kanthawi dzanja lili m'malere. Woyimbira anamuitana kuti afulumire, masewera akudikira iye. Anawerama, natola ndodo yake, naiimika pamalo amene anamulozera.