Kapeti m'khola la kalulu

Ndiulule lero, poti manyazi anathera limodzi ndi mano: ine mpaka kumera imvi ndinkakhulupirira kuti chilichonse chopuma chimakonda pansi posalala. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndipo chachikulu chomwe ndinatolako ndi simenti ya ku Mishoni ku Mua, yonyezimira mpaka munthu kudzionerapo mphuno. Ndinkati ulemu ndi umenewo. Ukamukonda wina, umusalazire pogona.

Mwana wathu wotsiriza, wamkazi, ankaweta kalulu mmodzi woyera, wa khutu limodzi lakuda. Osati wa ndiwo ayi. Ankamunyamula ngati khanda. Ine ndiye kumuputa: "Iwe, mkamwini wangayu tidzamulawa liti?"

"Ababa, mukangomukhudza ndikakunenerani kwa abambo mfumu. Tidzaone pokalapa."

Mwanayo anatisiya nthawi yokolola mpunga, atangodwala masiku ochepa. Zimenezo sindilemba, dzanja likukana. Maliro atatha, anthu atabalalika, pakhomo tinatsala atatu: ine, amayi a kunyumba ndi kaluluyo. Sitinauzane, koma tonse tinkadziwa kuti ameneyu asafe. M'mawa uliwonse amayi ankamuthyolera chisoso.

Khola lake linali la m'mwamba, kuthawa linthumbu ndi agalu, koma nsungwi zapansi zinali zitafumbwa. Ndinati ndimukonzere zapamwamba. Kuchipinda kwa mwanayo kunali kachidutswa ka kapeti ya pulasitiki, yamaluwa, yomwe anagula pamsika wa Golomoti. Ndinakhoma thabwa, kuyalapo kapetiyo, misomali m'mbali monse, mpaka kupukuta ndi kansanza.

Amayi anaima potero, manja m'chiuno. "Abambo, yalanipo chiguduli."

"Chiguduli? Chiweto cha mwana wathu chigone pa chiguduli ngati mbatata?"

"Mapazi akewo mwawaona?"

"Ndawaona, amayi. Alipo anayi."

Sindinawaone. Kalulu kuphazi alibe kachikopa kogwira pansi ngati galu kapena mphaka. Ndi ubweya wokhawokha. Tsiku loyamba anati adumphe, miyendo yakumbuyo inangoti tasa, wina uku wina uko. Ine ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chichokereni kumanda, mpaka kuitana aneba kuti adzaone mlendo akuvina. Kenako kaluluyo anasiya kudumpha, n'kumangobindikira pakona. Ndinati ndi chisoni, akulira mbuye wake. Chonsecho mkodzo sunkatsikanso pansi monga pa nsungwi paja, unkangoima pa kapeti, poterera ngati therere.

Sabata yachiwiri mumtima ndinavomera, koma pakamwa ayi. Kuchotsa kapeti kukanakhala kunena kuti amayi analondola, ndipo ine zaka zonsezi mawu amenewo sindinawazolowere. Ndiye ndinapalasa njinga kupita ku Bwanje, kukapempha mankhusu a mpunga pachigayo, n'kudzawaza pamwamba pa kapeti pomwepo. Ndinawauza amayi kuti iyi ndi nzeru ya alangizi. Bodza. Mankhusu pa pulasitiki amathawa phazi kuposa madzi.

Masana ena, ine ndikusoka thumba pakhonde, galu wa kwa aneba anadzauwa pansi pa khola. Kalulu anadzidzimuka, kumenya miyendo mwamphamvu, ndipo panalibe choti aigwire. Ndinamva phokoso limodzi lokha. Pofika ndinamupeza akudzikoka ndi yakutsogolo, yakumbuyo ikungotsatira ngati nsanza.

Kapeti ija ndinaizula ndi manja, misomali ikundicheka. Ndinayala chiguduli chapawiri, pamwamba pake udzu wa mpunga wouma bwino. Ntchito yonse sinatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi. Amayi anandithandiza kugwira nsonga za chiguduli. Bola akanandikalipira.

Mlangizi wa ziweto weniweni anabwera mawa lake, kumugwiragwira kaluluyo, n'kupukusa mutu. Msana unali utathyoka. Kaluluyo anakhala masiku atatu, akudya pang'ono pamanja pa amayi, atagona pamalo abwino amene sakanathanso kuyendapo. Tsiku lachinayi m'mawa tinamupeza atauma.

Aneba aja anati, "Achimwene, musataye ndiwo." Ndinakumba pansi pa bwemba kuseri kwa nyumba, n'kumukwirira, anthu akuyang'anizana poona nkhalamba ikuika maliro a kalulu.

Usiku umenewo ndinadikira mlandu wanga. Ndinali nditakonzeka kuumva wonse. Amayi anatembenukira kukhoma, ndipo anati:

"Abambo, mawa m'mawa mukandiona ndikuthyola chisoso, musandikumbutse. Mungondisiya ndithyole."