Munirah Asambitsa Injini ya a Mhango

Munirah Saidi anafika ku Mzuzu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakhala pamwamba pa matumba a mpunga m'lole yochokera ku Ntaja. Bambo ake, a Nuhu, anatsegula golosale ku Chiputula, ndipo ankaganiza kuti mwanayo azidzagulitsa momwemo mpaka adzakwatiwe. Koma kuseri kwa golosaleyo kunali galaja ya a Solomon Nyirenda. Munirah akamutuma kukapereka buledi kumeneko, ankabwerako patatha ola lathunthu, zala zili bii. A Nuhu anakalipa mpaka kutopa, mapeto ake anakamugulira okha ovololo kumsika.

Lero ndi mayi wa ana awiri, ndipo ali ndi kagalaja kake pansi pa mtengo wa mapeyala ku Mchengautuwa. Mpango amaumanga mothina kuti usakodwe m'lamba wa injini. Chitumbuka amachiyankhula bwino, koma bawuti ikakana kumasuka amaikalipira m'Chiyawo.

Lachiwiri lina, chifunga chisanachoke, kunabwera a Overtoun Mhango, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Geisha, pa galimoto yawo yakale yoyera.

"Mwawuka uli, mama?" anapereka moni m'Chitumbuka.

"Tawuka makora, adada. Nanga galimotoyi yadzuka bwanji?"

"Ikudwala chomene. Sabata iliyonse ndikuthira botolo la oilo, koma kumene akupita sindikudziwa. Magalaja awiri andiuza kuti injini yatha, ndigule ina."

Munirah anatsegula boneti, n'kuseka. Fumbi lofiira la zaka zambiri linali litasakanikirana ndi oilo n'kuuma gwa ngati phula, moti chitsulo sichinkaoneka paliponse.

"Anzangawo anaona bwanji kuti yatha? Ine injiniyo sindikuiona n'komwe. Munaisambitsa liti, adada?"

"Kodi injini amasambitsanso?"

Injini itazizira, Munirah anakulunga batire ndi mawaya onse m'majumbo kuti zisanyowe. Anatenga parafini m'kachitini, supuni yakale yopalira, ndi mswachi wothothoka. Anayambira pamwamba, kupala, kupaka, kukwecha, kutsika pang'onopang'ono. M'matopemo munatuluka fupa la nkhuku limene khoswe anabisa, kenako cholembera chofiira.

"Cholembera changa!" anakuwa a Mhango. "Ndinamunamizira mwana wa Folomu 2 kuti waba. Pano mwanayo ndi nesi."

Poyamba anangokhala pa tayala akuonerera, jekete ili pamapewa. Pofika ola lachiwiri anali ataivula, atapinda manja a shati, akugwirira beseni kuti zonyansazo zisadonthere pansi. Munirah anatsuka ndi madzi a sopo, n'kutsukuluza, n'kusiya boneti yotsegula kuti dzuwa liumitse. A Mhango anaiyang'ana injiniyo ngati mlendo.

"Ndiye ndi yotuwa? Zaka zonsezi ine ndimati ndi yakuda."

Chotsatira chinali kuwaza paudala wa ana pa injini youmayo, kuti oilo akatuluka aonekere pa zoyera. Koma botolo la paudala linali lopanda kanthu. Munirah anasuzumira pampando wakumbuyo n'kuona kathumba.

"Muli chiyani umu?"

"Ufa wa kondowole. Wachokera ku Nkhata Bay, ngwa mayi akunyumba, a Peggy. Mukaukhudza, ine kunyumba sindikalowa."

"Dzanja limodzi lokha. Mukawauze kuti galimoto nayo inali ndi njala."

Munirah anawaza ufawo mpaka injini inayera mbee, n'kuwauza a Mhango kuti ailize. Anadikira onse awiri ataweramira mkati, fungo la chinangwa chowauka likukwera. Patapita mphindi khumi, kamzere kakuda kanayamba kutsetsereka pa ufawo. Munirah anakalondola ndi nsonga ya sikuludiraiva mpaka pamene kanayambira: kaswichi ka oilo, kakang'ono ngati chala chachikulu, kong'aluka m'mbali.

"Matenda onse ndi awa," anatero.

"Kameneka? Osati injini?"

"Injini yanu ili ndi moyo kuposa ine."

Anafufuza m'chitini chake cha zitsulo zakale, n'kupeza kena kabwino, n'kumanga. A Mhango anayendetsa mpaka m'tauni n'kubwerako, anaimika pamwamba pa katoni, ndipo katoniyo inakhala youma. Anagwira dzanja la Munirah ndi manja awiri, osasamala mafuta.

"Yewo chomene, mama. Koma anzanu aja analephera bwanji?"

"Sanalephere, adada. Kutsuka ndi kumene anthu sakufuna. Kumadetsa, ndiponso kumachedwetsa."

Kuyambira tsiku limenelo a Mhango amatulukira pagalajapo kawiri pa sabata, galimoto ilibe vuto lililonse. Ati kunyumba kumasungulumwitsa. Munirah anawapatsa ntchito yosankha mabawuti, aakulu paokha, aang'ono paokha, ndipo iwo analemba chitini chilichonse ndi zilembo zokongola zapabolodi. Akabwera munthu ndi galimoto yodontha, amayamba ndi iwo kufunsa, nkhope ili yaukali ngati m'kalasi: "Munaisambitsa liti?"