Disiki ya Malire Awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinataya amayi kachiwiri. Koyamba anatisiya kuchipatala. Chaka chitatha, achibale anagwirizana zomanga chiliza, ndipo abambo, omwe ankaphunzitsa ku Mitundu, anafuna kuti pamwambowo anthu amve nyimbo imene amayi anajambulidwa akutsogolera kwaya. Nyimboyo inali m'kompyuta ya abambo mokha. Lachitatu kompyutayo inakana kutseguka.

Tinapita nayo ku Nathenje kwa a Kalonga, okonza makompyuta. M'kashopu kawo munkanunkha fumbi ndi waya wopsa. Anatulutsa disiki, kachitsulo kosunga zonse, n'kuilumikiza ku makina awo.

"Aphunzitsi, disiki ili ngati munda," anatero. "Koyambirira kwake kumalembedwa malire a zigawo. Yanuyi ili ndi malire awiri, akale ndi atsopano, ndipo akutsutsana. Pulogalamu iyi ikuona zigawo zitatu, pomwe ina iyi ikuti mulibe kanthu. Ndipatseni masiku. Nditenge disiki yotha ntchito, ndiisokoneze dala chonchi, ndione kuti pulogalamu iliyonse imakhulupirira ati."

"Mwambo ndi Loweruka, bambo," anayankha abambo. "Makinawo akufunsa okha kuti akonze. Inu mukuopa chiyani?"

Ine ndinayamba kulira. "Dinani batanilo, chonde. Ndikufuna ndimve amayi anga."

A Kalonga anandiyang'ana nthawi yaitali, anausa moyo, n'kudina. Pulogalamu yonena kuti mulibe kanthu ija inakhulupirira malire akale, n'kusesa munda wonse ngati wopanda mwini. A Kalonga anayesetsa kufufuza nyimboyo mpaka maminibasi anayamba kuchepa pasiteji, koma osapeza kanthu. Abambo sanandikalipire. Anangondigulira nzimbe, ndipo ndinafika nayo kunyumba osailuma.

Patapita sabata a Kalonga anabwera kwathu, chipewa chili m'manja. Anali atayesa pa disiki ina ija, n'kupeza kuti pulogalamu yoona zigawo zitatu ija ikanasunga zonse. "Wolakwa ndine," anatero. "Ndinagonjera misozi."

Sukulu ndinalekezera pulayimale, za makina sindizidziwa. Koma ndimathokoza Mulungu chifukwa cha bambo aja, amene anasenza mlandu wanga, nandiphunzitsa kuti chimene ulibe china chonga icho suyeserapo, ngakhale mtima ukuwawa chotani.

Nyimbo ija ndimaimbira ana anga tikamapemphera. Tsiku lina wamng'ono anandifunsa, "Amama, agogo ankaimba chonchi?" Ndinati eya. Ambuye andikhululukire, mawu awo sindikuwakumbukanso.