Ndinadikira Chilimwe cha ku Bangkok

Amuna anga anali alangizi a zaulimi kwathu ku Malawi, ndipo ngakhale pamene ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kuno kwa azungu ku Wakefield, ulangiziwo sunawachoke. Mvula ankaidziwa ndi iwo. Tikamadikira basi ku Bradford ankakweza mutu n'kulengeza kuti lero igwa, ngati kuti ku Bradford pamafunika sukulu kuti munthu alosere mvula. Ine ndinkangoseka. Ndinasiya kuseka pamene ulangiziwo unalowerera nkhani ya mwana wanga.

Mwanayo ndi wamkazi, wa banja langa loyamba. Pothawa kwathu ndinamusiya ali ndi zaka zitatu m'manja mwa achemwali anga ku Chilomoni. Mapepala anga atatuluka anandipatsa kabuku koyendera ka anthu othawa kwawo, kolembedwa poyera kuti ndikhoza kupita dziko lililonse kupatula kwathu. Zomutenga kuti adzakhale nane kuno, bambo ake ankakana kusaina. Choncho mwana anafika zaka zisanu ndi zinayi akundidziwira pa foni, ya makhadi okala aja amene ankatha mukadali pa moni.

Nzeru anabwera nayo ndi achemwali. Iwo ankachita geni ya zovala, ndipo anali atapitako kamodzi ku Bangkok kukaoda katundu. Anati ulendo wotsatira amutenga mwanayo, bambo ake avomera bola abwerere, ine ndikawapeze komweko. Sukulu inkatsekera nthawi yotalikirapo kawiri, Disembala ndi Ogasiti. Ine sindinaganize kawiri. Disembala inali pafupi, ndipo ndinkafuna kudya Khirisimasi ndi mwana wanga.

Amene anagwirapo ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ngati ine akudziwa kuti kupempha holide ya Khirisimasi n'kupempha mkaka kwa nkhuku. Ndinagwira ma Sabata a anzanga, ndinatenga mashifiti amene aliyense ankawathawa, ndinasambitsa agogo a eni mpaka msana kuuma. Pomaliza manijala anavomera, nkhope ili gwa, n'kundiuza kuti ndisadzazolowere. Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo m'basi ngati woledzera.

Nditafika kunyumba ndinawapeza amuna anga kukhitchini akuwotha hita, ndipo ndinawauza.

"Disembala?" anatero. "Inu mayi, mukufuna mukaone mwana kapena mukaone matope?"

Ndinawafunsa kuti matope ake ati.

"Dziko lotentha ndi dziko lotentha. Kumene kumamera nthochi ndi mango, mvula yake ndi imodzi. Imayamba Novembala, Disembala yakhazikika, Januwale ndiye ya mvumbi. Mukakhala m'chipinda ngati nkhuku zonyowa. Dikirani Ogasiti, kukhale kouma, muziyenda naye mwana momasuka."

Ndinati tipite kulaibulale tikaone pa kompyuta. Anaseka mpaka kutsokomola, ati mvula ndikaifunse kwa kompyuta iwo ali pomwepo, munthu amene anauza midzi yonse tsiku lobzala. M'malo mwake anati tiwaimbire achemwali, poti iwo anafikako. Achemwali anati anapita mu Okotobala ndipo mvula inawanyowetsa ndithu, kangapo konse.

"Mwamva?" anatero amuna anga, akumenya tebulo ndi chala. "Okotobala. Chimenecho ndi chizimalupsa, mvula yoyamba ija. Ndiye pofika Disembala mukuganiza kukhala bwanji?"

Achemwali nawo anagwera komweko. Anati alamu akunena zoona, komanso Disembala ndi nthawi yogulitsa, osati yokaoda. Lamulungu lotsatira nkhaniyo inafika kutchalitchi, pa tiyi wa tikaweruka, ndipo Amalawi onse a m'holo muja anagwedeza mitu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atapondako ku Bangkok, koma aliyense anali ndi chidebe chake cha nzeru. Mayi wina wamkulu anandigwira paphewa n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatsala ndekha ndi Disembala wanga, ndipo munthu mmodzi sangakangane ndi mpingo wonse pamodzi ndi mwamuna wake.

Ndinabwerera kwa manijala kukabweza holide ija. Anandiyang'ana ngati ndapenga, ndipo sindimuimba mlandu.

Chimene chimandiwotcha mpaka lero ndi foni imene ndinamuimbira mwanayo. Masabata onsewo ankati akangogwira foni, funso loyamba linali lakuti kwatsala masiku angati. Nditamuuza kuti tidikire Ogasiti chifukwa cha mvula, anangoti, "Chabwino." Ndinamva akuwapatsa achemwali foniyo. Kuchokera pamenepo sanafunsenso za masiku. Ndikaimba ankapereka moni, kuyankha za kusukulu, basi.

Khirisimasi imeneyo ndinaidyera kuntchito, nditavala kachipewa ka pepala, ndikudyetsa nyama ya nkhukundembo agogo amene ana awo sanabwere. Pobwerera kunalibe basi, ndinayenda wapansi mu chisanu, ndipo njira yonse ndinkatukwana mumtima. Amuna anga mwanayo sanali wawo. Iwo kudikira kunali kosavuta, monga mmene kumakhalira kosavuta kuuza mlimi kuti asabzale kaye pamene munda si wako. Ndinawauza zimenezi usiku wa chaka chatsopano, ndipo sitinalankhulane mpaka mlungu unatha.

Miyezi imeneyo ndinaithera pokonzekera. Ndinadziwa kuti mwana amene wakula osakuona sungangomukhazika pampando n'kumuuza kuti ndine mayi ako, ndikonde. Ndinkafuna tiziyenda, tikwere bwato pamtsinje, tikaone njovu, tidye zinthu zachilendo m'misewu n'kumasekana. Ndinkati mwana akamaseka amaiwala kuti akuchita manyazi, ndipo dzanja lake lidzapezeka lili m'dzanja langa iye osadziwa. Ndinagula zipewa za dzuwa ziwiri zofanana pa msika wa ku Bradford. Ambulera amuna anga anaitulutsa m'sutikesi ndi manja awo, ati ingondilemetsa.

Ndege inatera ku Bangkok kumwamba kuli bii. Pofika kuhotela madzi anali akuyenda mumsewu ngati mtsinje wa Mudi, anthu atapinda mathalauza, nsapato zili m'manja. Ndinafunsa mtsikana wa pamalo olandirira alendo ngati mvulayi inali yachilendo. Anati ayi, ino ndiyo nyengo yake, imayamba cha mu Meyi n'kumatha cha mu Okotobala. Anawonjezera mwaulemu kuti ndikadzafuna kubweranso ndidzabwere Disembala, kumakhala kouma ndi kozizirira bwino. Mvula imene inawanyowetsa achemwali mu Okotobala ija sinali yoyamba ayi, inali yotsiriza. Dzikolo lili kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo zake n'zotembenuka ndi zakwathu, ndipo alangizi athu anali atalibzala m'munda wa kwawo ku Dowa.

Amuna anga ndinawaimbira pomwepo, ndisanakwere n'kuchipinda komwe. Anati mwina ndi kamphepo ka m'nyanja chabe, ndipirire masiku awiri kudzayera. Ndinadula foni asanamalize.

Mwana wanga ndinamupeza atatalika, ali ndi mpata wa mano ngati wanga. Anandigwadira n'kundipatsa dzanja, lina atagwira pachigongono, monga amachitira mwana woleredwa bwino kwa mlendo. Ndinamukumbatira, iye anangoima njo kudikira kuti ndimalize.

Masiku anayenda motere. M'mawa, pamene kunkakhalako kouma, achemwali ankayenera kukaoda katundu, ndipo tonse tinkawatsatira m'misika yothinana, mwana atagwira siketi yawo. Masana, nthawi imene tinapangana kuti ikhale yanga ndi iye, kumwamba kunkang'ambika. Ndinati tipitebe, mvula si moto. Achemwali anakana, ati mwana akadwala malungo a kuno akawauza chiyani bambo ake. Bwato sitinakwere. Njovu tinaziona pa chithunzi cha pakhoma la hotela. Tinkakhala atatu m'kachipinda kodzaza ndi mabelo a zovala, mawindo atachita nthunzi, ine ndikufunsa mafunso ngati wapolisi, mwana akuyankha kuti eya, ayi, zikomo. Chipewa chija anachilandira ndi manja awiri n'kuchiika bwinobwino m'chikwama.

Amuna anga mpaka lero amati Disembala sakanasintha kanthu, mwana akanachitabe manyazi. Kapena n'zoona. Koma mwana wa Disembala ankawerenga masiku, ndipo amene ndinamupeza mu Ogasiti anali atasiya. Zimenezo sangandiuze kuti ndi nyengo.

Tsiku loti mawa tisiyana, ndinapempha kuti ndimuluke tsitsi. Anayang'ana kaye achemwali, iwo n'kugwedeza mutu, ndiye anabwera kudzakhala pansi pakati pa miyendo yanga. Aka kanali koyamba kuti ndimugwire nthawi yaitali. Ndinkaluka pang'onopang'ono dala. Nditafika pakati pa mutu ndinamva khosi lake likufewa, mutu ukutsamira pabondo langa, ndipo anayamba kundiuza yekha za mnzake wa kusukulu amene amaba mapensulo. Sindinayankhe zambiri, ndinkaopa kumudzidzimutsa.

Kenako kunang'anima, bingu n'kuphulika pamwamba penipeni pa hotela, magetsi n'kuphethira. Mwanayo anadzuka ngati waponda moto, tsitsi linapulumuka m'zala zanga, ndipo anadumpha belo la zovala n'kukadziponya pachifuwa pa achemwali. Anabisa nkhope m'khosi mwawo. Ine ndinatsala pabedi, chipeso chili m'manja.

Achemwali anachita manyazi. Anamusisita pamsana n'kumunong'oneza kuti, "Iwe, pita kwa amayi ako."

Mwanayo sanadzutse n'komwe mutu. Anayankha mawu ali m'khosi mwawo, koma ndinamva bwinobwino.

"Ndili kale kwa amayi."