Chigamulo cha Munda wa Naini

A Lestina anabadwira m'nyumba ya kampani, yomwe bambo awo anapatsidwa atabwera kuchokera ku Mozambique. Mudzi wina analibe. Anathyola tiyi zaka makumi atatu m'munda wa nambala naini, ndipo ine ndinali kalaliki woyeza masamba pasikelo. Pakamwa pawo panali poyabwa: ukachedwa kupachika dengu lawo, ankakulalatira m'Chilomwe anthu onse akumva.

Pa esiteti nyumba imayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha, makiyi umabweza.

Chaka chatha kunabwera manijala watsopano, wa nsapato zosadziwa matope. Anaima pamsewu, n'kuloza mundawo ndi chala, nati, "This field is doomed."

"A Raphael, inu munapita kusukulu," anatero a Lestina. "Bwana uja wati chiyani?"

Ndinayang'ana pafoni. "Akuti 'doomed' ndi mawu akale a Chingerezi, ankatanthauza chigamulo cha woweruza. Masiku ano amawanena pa chinthu chimene mapeto ake oipa anakonzedwa kale, sichingathawe. Pa zabwino sawanena ayi."

"Woweruza? Nanga mlanduwo anakamba liti, ife osatiitana?"

Ndinabweza foni m'thumba. Ndinkadziwa kuti tiyi wokalambayo azulidwa, adzalamo makademiya, amene safuna manja ambiri.

A Lestina anaganiza kuti makilo akachuluka mundawo upulumuka. Mayi amene anaphunzitsa theka la gulu lathu kuthyola masamba awiri ndi nsonga anayamba kulowetsa manja mkati mwa zitsamba za tiyi, kuthyola ndi masamba okhwima omwe, kuti dengu lilemere. Woyang'anira anapisamo dzanja, n'kundiuza kuti ndilikane. Ndinalikana, masiku atatu otsatizana. A Lestina sanandilalatire, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Mndandanda wa ochotsedwa ntchito utatuluka, dzina lawo linali pamwamba, chifukwa chake n'kulemba kuti masamba oipa.

Thirakitala inazula mundawo mu Julayi. Kampani inachita chifundo chake chija, inatumiza lole kuti iwanyamulire katundu: mphasa, ndowa ziwiri, mpando wa malemu amuna awo. Ndinathandiza kukweza.

Dalaivala analiza injini, n'kusuzumira pawindo. "Mayi, tikakutuleni kuti? Ku Goliati? Ku Nsabwe?"

A Lestina anandiyang'ana, makiyi a nyumba ali kale m'dzanja langa.

"A Raphael, tayang'ananinso pafoni yanuyo. Mwina yalembanso kwathu."