Kasinja M'munda wa Tiyi

Kuseri kwa malayini a antchito a pa esiteti ya tiyi kuli mkulu wina, mlonda wopuma ntchito, amene nkhondo sanaionepo koma ali ndi akasinja odzaza shelefu. Amawatola pa kaunjika wa zidole ku Luchenza, apulasitiki, othyoka mizinga. Mzinga watsopano amaupanga ndi sipoko ya njinga, ming'alu amaimata ndi pulasitiki wa beseni lakale wosungunula pamoto. Mdzukulu akatambasula dzanja, iwo amati, "Asilikali sagwiridwa ndi manja odyera mango."

Koma chimene amanyadira kwambiri ndi penti. Tsiku lina anauza a kapitawo kuti kasinja wawo wamkulu, amene anamukonza dzinja lonse, wafanana ndi tsamba la tiyi moti mdani sangamuone.

"Bodza, achimwene," anatero a kapitawo.

Mkuluyo anapita yekha kumunda, nabisa kasinjayo m'chitsamba china cha tiyi, kenaka anakaitana a kapitawo kuti adzasake. A kapitawo anasakasaka mpaka anagonja. "Chabwino, tionetseni."

Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku. Zitsamba zonse zinali zosadzidwa mofanana, mizere mpaka kuphiri. Anafunsa amayi othyola tiyi, anagwada, anakwawa, mawondo matope okhaokha. Kasinja osaoneka.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, manja ali lende.

"Nanga nkhondo yatha bwanji, bambo?" anafunsa akazi awo.

Mkuluyo anakhala pansi, misozi ili lengelenge, nati, "Tapambana, mayi. Penti imene ija ndi yeniyeni."