Batani Lachitatu

Wailesi yathu ku Matero inali ya bokosi lathabwa, ya mabatani atatu opotokola. Loyamba linali loyatsira, lachiwiri losakira masiteshoni. Lachitatu amayi ankatiletsa kulikhudza: ukalipotokolera kumanja mawu ankawonda, kumanzere ankanenepa.

Inali nyengo yachisanu, chaka chimene tinaika bambo, munthu wa mawu aakulu omveka mpaka kumpopi. Dzuwa likapendeka amayi ankayatsa wailesiyo n'kudikira kuti itenthe. Ine ndinkasuzumira m'timabowo takumbuyo, mmene mavalavu, timababu ta m'kati mwa wailesi, ankayaka psuu ngati makala a pambaula, fungo la fumbi lotentha lili m'mphuno. Ndinkakhulupirira kuti m'menemo muli kamudzi ka anthu ang'onoang'ono owotha moto. Wowerenga nkhani akayamba, amayi ankapotokolera batani lachitatu lija kumanzere mpaka kumapeto. Mawu ankachokera pansi, olemera, makapu n'kumanjenjemera pakabati. Amayi ankatseka maso. Ukawafunsa zimene zanenedwa, ankangomwetulira.

Kenako kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, okonza mawailesi ku Kamwala, munthu wosatha kuona chinthu osachitsegula. Amayi ali kumsika, amalumewo anaimvetsera wailesiyo pang'ono n'kupukusa mutu. "Iyi wailesi idwala," anatero. Anandionetsa kanthu kaphula, konga switi, kuseri kwa batani lachitatu. Akuti wailesi iliyonse ili ndi kapangidwe kake, ndipo mwa yathu kanthu kameneka ndi kamene kankameza mawu akuthwa, koma kanali katakalamba, kakumeza mopitirira. Anakachotsa, nawotcherera katsopano. Kakale anakaponya m'ngalande. Mpaka lero sindiwaimba mlandu, ntchito anaigwira bwino. Komabe ndikakumbukira ngalande ija, mtima umandiwawa.

Madzulo ake amayi anapotokola batani mpaka kumapeto. Mawu anatuluka oyera mbee, a munthu wachilendo. Anakakamizanso, batani mpaka kulira.

"Mwamvela, ba sisi? Manje ikamba bwino," anatero amalume monyada.

"Zikomo," anayankha amayi, n'kutuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Ine ndinalumphalumpha, kukondwa kuti tsopano tizimva chilichonse. Ndinadabwa kuona kuti amayi aphimba wailesi yochira ndi nsalu, osaiyatsanso. Mawu a bambo ine ndinali nditawaiwala kale. Sindinadziwe kuti amayi ankakumana nawo tsiku lililonse kumapeto kwa batani lija.